Dzanja Limene Linasokedwa Pamimba

Chaka chakwana chimwalirireni bambo anga, a Pasikale, ndipo chisanu chafika monga chimafikira kwathu kuno kufupi ndi Lobi, chosaodira. Dzulo kutchalitchi anatchula dzina lawo pa Misa. Potuluka, amayi ena a m'kwaya anandigwira paphewa n'kundiuza kuti malemu anali munthu wamtendere. Ndinatsala pang'ono kuseka. Bambo anga sanali munthu wamtendere, ndipo akanamva mawu amenewo akanalavula. Ankasunga mkwiyo mmene ena amasungira mbewu, pouma, posafika anankafumbwe. Ine Filomena, mwana wawo woyamba, ndi amene anandisiyira mbewuyo.

Aliyense wokumana nawo ankayamba waona dzanja. Dzanja lawo lamanja linali ndi zala ziwiri zokha, chachikulu ndi chamkombaphala. Kuseri kwake kunali chigamba cha khungu lofewa, lotukuka, losiyana maonekedwe ndi khungu lina lonse, ndipo pachigambapo pankamera tiubweya topotana. Linali khungu la pamimba pawo. Akanenepa nthawi yokolola, chigambacho chinkanenepa nawo. Njala ikavuta chimanga chisanache, chinkaphwa. Zidzukulu zawo ankaziuza kuti dzanja limeneli ndi limene limayamba kumva njala, choncho wobweretsa mbatata yootcha aziyamba wapatsa ilo. Ana ankaseka, n'kumalisisita ngati kamwana ka mphaka.

Sanalibisepo m'thumba ngakhale tsiku limodzi. Ndi zala ziwirizo ankawerengera korona, ankasenda mbatatesi, ankakoka khutu la mwana wamwano. Ndipo Lamulungu lililonse ankapita nalo kukagwira ntchito yake yeniyeni.

Ikafika nthawi yopatsana mtendere, anthu ankagwirana chanza ndi oyandikana nawo, basi. Bambo ayi. Ankatuluka pabenchi pawo n'kuyenda mosafulumira, kudutsa mizere, mpaka kukaima pamaso pa a Gelevazio, mlamu wawo, mchimwene wa amayi anga, amalume anga ine. Akatero ankatambasula dzanja lija, chigamba chili m'mwamba.

"Mtendere wa Ambuye, alamu."

Amalume analibe kolowera. Akane, tchalitchi chonse chikuona. Alandire, ndiye kuti agwira ntchito ya manja awo omwe. Ankaligwira ndi nsonga za zala, maso ali pansi. Anayesa kukhala kumbuyo kwenikweni, bambo ankafikako. Anayesa kutuluka ngati akukataya madzi, bambo ankawadikira pakhomo, dzanja lili chitambasulire, kwaya itamaliza kale nyimbo.

Bambo sankafuna mbuzi kapena nkhuku ya chipepeso. Ankafuna mawu ochepa, onenedwa pamaso pa anthu: kuti amene anamanga linya tsiku lija anali a Gelevazio, osati a Lusiya, amayi anga. Za linyayo ndifotokoza, koma nkhaniyi inayambira kuphiri.

Amuna awiriwa anali pa sowo imodzi kwa zaka zambiri, m'nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza. Ankachoka kuno n'kukagona konko mpaka ntchito itatha. Ocheka matabwa amagwira awiriawiri: wina amaima pamwamba pa chipika, wina m'munsi, utuchi ukumugwera m'maso. Amalume, eni mbumba amene anachita chitengwa n'kukhala pamudzi pawo pomwe, ankaima pamwamba. Bambo, mkamwini, anali a m'munsi, ndipo ankanena mwanthabwala kuti utuchi umene anameza ungakwane kumangira nyumba. Tsiku lina akukweza chipika pansanja, amalume atagwira chingwe, lole ya wogula matabwa inaliza hutala kumunsi. Amalume anatembenuka kuti aikodole, chingwe n'kupulumuka. Chipikacho chinagubuduka n'kupsinja dzanja la bambo, ndipo chinasenda khungu lonse la kuseri mpaka mitsempha inaonekera mbee.

Mlandu umenewo bambo sanauwerengepo. Ankati nkhalango imaluma aliyense, ndipo amene sanapulumutsepo chingwe ndi amene sanachigwirepo. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti bambo anga ankangokonda kukwiya. Ankadziwa kusiyanitsa tsoka ndi bodza.

Kuchipatala cha paboma anatitumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda, ndipo ine ndi amayi tinapita kukawadikirira. Kumeneko tinapeza dokotala wachizimayi wolankhula motsitsa. Anati bala lotere silingangotsekedwa ndi kakhungu kopyapyala, chifukwa pamitsempha yopanda mnofu palibe chodyetsa kakhunguko. Pakufunika khungu lobwera ndi magazi akeake. Ndiye anatukula chigamba cha khungu la pamimba, mbali imodzi anaisiya yolumikizana ndi mimba ngati mlatho, mbali inayo n'kuisokerera padzanja. Bambo atadzuka anapeza dzanja lawo lasokedwa pamimba, ndipo anauzidwa kuti likhala pomwepo masabata atatu.

Dokotalayo anatiitana tonse pafupi ndi bedi.

"Mukaona pamsoko pafiira, pakutentha, patupa pang'ono, musachite mantha," anatero. "Amenewo ndi asilikali a m'thupi, abwera kudzachotsa zimene zawonongeka. Koma sangosesa ayi. Ndi iwo omwe amene amaitana timitsempha tatsopano ta magazi kuti tiphuke kuchokera m'dzanja n'kulowa m'chigambachi. Mukawathamangitsa, timitsemphato sitibwera bwino. Pakali pano chigamba chikudya kumimba kudzera pamlatho uwu. Chikayamba kudya kudzanja, mlathowu tidzadula, dzanja n'kumasuka."

Bambo anayang'ana dzanja lawo kwa kanthawi.

"Ndiye kuti ngati kholowa, eti? Amayamba wagwira mizu kutsogolo, kenako ndiye mum'dule kwa make."

"Mwamva bwino, bambo. Musam'dule asanagwire."

Anawaletsa fodya, chifukwa utsi umafinya mitsempha. Anati pazikhala pofunda, pasapsinjike ndi kanthu, ndiponso asamwe mapilisi ophwetsa zotupa ogula pamsika. Amayi anawaphunzitsa kukhudza chigamba ndi kuseri kwa chala kuti amve ngati chili chofunda. Anawachenjezanso kuti khungu limenelo silimva kanthu, ngakhale ulibaye ndi singano, ndiye maso ndi amene azimva m'malo mwake. Pomaliza ananena mbali yachiwiri: kuti kufiirako kukayamba kufalikira, pakatuluka mafinya kapena fungo, tibwerere msanga, chifukwa asilikali aja akachuluka n'kukhalitsa amapondereza munda umene anabwera kudzalondera.

Bambo sanapirire kukhala m'chipatala. Munthu wozolowera mphepo ya kuphiri, fungo la mankhwala linkawatsamwa. Anachonderera mpaka dokotala, ataona kuti chigamba chikuyenda bwino, anawalola kukadikirira kumudzi, bola azikatsukitsa kuchipatala chathu chaching'ono. Tinabwera nawo m'nyengo ngati ino, yachisanu.

Mudzi wonse unabwera kudzaona. Ena ankangosuzumira n'kugwira pakamwa. Ana anayamba kuyenda dzanja lili pamimba, akupendekera mbali imodzi, ndipo bambo ankawakonza kuti akupendekera mbali yolakwika. Amalume ankabwera tsiku lililonse. Ankaima chapatali, kuyang'ana msoko wofiirawo, n'kumapukusa mutu.

"Alamu, chotupa sachilekerera. Chikukwera chimenechi, chikafika kumtima basi mwapita."

"Chisiyeni chitenthe, alamu. Chikugwira mizu."

"Mizu yanji pathupi pa munthu? Kwathu kuno chotupa amachitema mphini, n'kumanga kumtunda ngati polumidwa ndi njoka. Azigogo athu sanali opusa."

Nawonso amayi ankaopa, sindibisa. Mbali ya kuchala chachikulu inafiira kwambiri n'kutukuka, ndipo tsiku lina pamjigo, pamaso pa amayi anzawo, ananena kuti mtima wawo suli m'malo, mwina zachikuda zikanathandiza. Anangonena, monga amanenera munthu wotopa. Koma ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Tsiku la linya lija ine ndi amayi tinapita kuchigayo ku Lobi. Magetsi anazima, mzere unatalika, ndipo tinatayako tsiku lonse. Bambo tinawasiya atamwa mankhwala awo opha ululu, amene ankawagonetsa tulo tofa nato, atafunda bulangete mpaka m'khosi. Tinabwerera dzuwa litapendeka. Tinawapeza ali maso, bulangete likadali pomwepo chifukwa cha kuzizira, akutinena kuti tinapita kukakwatiwa ndi mwini chigayo. Amayi anatula ufa, anasamba m'manja, n'kuvundukula bulangete kuti akhudze chigamba monga mwa masiku onse.

Pamlatho paja panali linya, chingwe cha chubu chimene amamangira katundu panjinga, chomangidwa kolimba mpaka kulowa m'mnofu. Pachigamba panali mphini zopakidwa mankhwala akuda, ndipo pamwamba pake kansalu konyowa ndi madzi ozizira. Chigambacho chinali chitada bii. Amayi anachikhudza ndi kuseri kwa chala, n'kukuwa kukuwa kumene sindidzaiwala. Anatola mpeni wosendera mbatatesi n'kudula linyayo. Amayi a nyumba zoyandikana anathamangira m'nyumba, ndipo chimene anaona ndi ichi: a Lusiya atagwada pambali pa mwamuna wawo, dzanja lina linya, dzanja lina mpeni.

Bambo anatenga linyayo ndi dzanja lamanzere n'kuyang'ana mfundo yake. Inali mfundo imene iwo ndi mlamu wawo ankamangira zipika kuphiri.

"Mfundo iyi ndi ya a Gelevazio," anatero.

Amalume anafika pomalizira, manja ali kumbuyo. Ine ndinali pakhomo ndipo ndinaona nkhope yawo itaona chigamba chija. Anadziwa pomwepo chimene anachita. Akanangogwada n'kunena kuti ndalakwa, ndimafuna kuthandiza, lero sindikanalemba izi. Koma anayang'ana anthu, anayang'ana mlongo wawo, n'kutsegula pakamwa.

"Ine ndinali kudimba. Funsani amene mwam'peza ndi mpeniyo."

Tinabwerera kuchipatala chachikulu. Mbali yaikulu ya chigamba inali itafa, ndipo mphini zija zinalowetsa matenda amene anadya zala zitatu. Dokotala sanakalipe. Anangotisonyeza mbali ya kuchala chachikulu, ija inafiira kwambiri n'kuopsa mudzi wonse. Imeneyo ndi imene inapulumuka, chifukwa timitsempha tatsopano tinali titalowamo kale, ndipo pamene mlatho unatsekedwa inali ikudya kudzanja. Zala ziwiri zimene bambo anatsala nazo anazipeza chifukwa cha kutupa komwe amalume anabwera kudzazimitsa.

Pamene tinkabwerera kumudzi, nkhani inali itapsa kale. Amayi anali ndi dzina latsopano: uja anaoletsa dzanja la mwamuna wake. Amayi a pamjigo anakumbukira mawu aja. Ine ndinalumbira kuti tinali kuchigayo, anthu anati mwana sanganene make. Bambo anasonyeza mfundo, anthu anati mwamuna akutchinjiriza mkazi wake, komanso mkamwini angaloze bwanji chala mwini mbumba? Amayi anali m'gulu loyendera odwala kutchalitchi, ndipo sanawachotse poyera ayi, anangosiya kuwauza tsiku lopita. Mwana akadwala m'mudzi, make ankamubisa kumsana amayi akamadutsa. Mkazi amene ankakhudza chigamba chija m'mawa ndi madzulo ngati akukhudza liwombo la khanda, ndi amene anasanduka choopsezera ana.

Amayiwo sanaloze mchimwene wawo ngakhale kamodzi. Ankati anayamwa bere limodzi, ndipo achimwene ankafuna kuthandiza. Bambo ankayankha kuti zofuna kuthandizazo akuvomera, pakuti ngakhale wothira mchere wambiri m'ndiwo amafuna kuthandiza. Koma mwamuna wobisala kuseri kwa chitenje cha mlongo wake, ameneyo alibe naye mawu ena.

Chipika chija chinatsala kuphiri, chifukwa palibe wocheka amene ankafuna kukhudza mtengo wolawa magazi. Bambo anapempha anzawo akale kuti awachekere, ndipo matabwawo anabwera pangolo, okwanira bokosi limodzi la maliro. Anawaika pamitanda ya denga. Chaka chilichonse chisanu chikayamba, ankawatsitsa, n'kuwatsamiritsa kukhoma loyang'anana ndi khomo la amalume, kutsidya kwa kanjira. Ankakhala pamwala wawo wootherapo dzuwa, chitini cha oilo wakuda chili pambali, n'kumawapaka limodzilimodzi kuti asafumbwe. Amalume akatuluka, bambo ankawapatsa moni mwaulemu wonse.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Nyumba yanu ija ndayanikatu, musade nkhawa. Koma mukufupika, zikaterezi nditsala ndi chidutswa."

Anauza aliyense kuti tsiku limene a Gelevazio adzanene zoona, matabwa amenewa adzakhoma benchi yoti awiriwo azikhalapo. Akapanda kunena, adzagonamo. Anthu poyamba ankaseka. Kenako anazolowera, moti ena ankadziwira pamatabwa a a Pasikale kuti nthawi yokumba mbatatesi yayandikira.

Akatekisi anabwera kangapo kudzayanjanitsa. Anali munthu wabwino, woleza mtima, ndipo bambo ankawakonda, koma ankawaphika ndi mayankho awo. Tsiku lina akatekisi anati chibale ndi fupa, sichiola. Bambo anawaikira dzanja pabondo n'kuwauza kuti ilinso linali ndi mafupa. Akatekisi anati kukhululuka ndi lamulo. Bambo anati ngakhale ansembe sakhululukira munthu amene sanalowe m'kachipinda kolapira, ndiye iwo, wocheka matabwa, angapose bwanji ansembe? Kenako ankafika pachiphunzitso chawo, chimene ankachinena pamaliro, pamowa, ngakhale kwa munthu wongofunsa njira. Ankati bala limene walizimitsa msanga limafa. Lisiye lifiire, lisiye litenthe, ndi mmene magazi amadziwira kumene akufunika. Ankati anthu okonda kuthira madzi ozizira pamilandu ndi amene amaoletsa midzi, ndipo umboni ankayenda nawo kumapeto kwa mkono.

Mbali yachiwiri ya mawu a dokotala, ya asilikali okhalitsa aja, bambo sankaitchula. Ine ndinalipo, ndinaimva, ndipo sindinawakumbutsepo. Amene anawakumbutsa ndi amayi, kamodzi kokha, atadwala kale matenda amene anawatenga. Anali gone pamphasa pakhonde, bambo akupaka matabwa.

"Abambo a Filo, mwandiotcha nonse awiri. Uyo ndi bodza lake, inu ndi moto wanu. Ine ndili pakati."

Bambo anasiya kupaka. Anadzuka n'kukawafunditsa amayi bulangete kumapazi. Tsiku limenelo matabwa analowa msanga. Koma m'mawa mwake anatulukanso. Amayi anamwalira dzina lija likadali pamutu pawo, ndipo pamaliro awo ndinamva ndi makutu anga mayi wina akulongosolera mlendo kuti malemuwa ndi aja a dzanja aja. Amalume anakhala kutsogolo monga mwini maliro, n'kulira mokweza kuposa tonse.

Maliro atatha, akubanja anakhala pansi kuti awasudzule bambo, abwerere kwawo monga amachitira mkamwini mkazi akamwalira. Amalume ndi amene ankatsogolera, ndipo ankalankhula mokoma, kuti alamu atumikira mokwanira, akapume kwa abale awo. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati alibe mawu, mwambo ndi mwambo, koma mlendo amachoka ndi katundu amene anabwera naye. Iwo anabwera pamudzi pano ndi zala khumi. Awabwezere zitatu zotsalazo, anyamuka lero lomwe. Nkhani yosudzula inathera pomwepo, ndipo bambo anakhalabe m'nyumba yoyang'anana ndi khomo la mlamu wawo mpaka tsiku lawo lomaliza.

Ndisawapange mwala. Anali munthu wokonda nyimbo za Chilatini zimene sankazimva tanthauzo, ndipo ankaziimba molakwika mokweza. Fodya anasiyiratu kuyambira tsiku limene dokotala anawaletsa, koma ankakonda kukhala kumphepo kwa munthu wosuta. Mwana akadzicheka, ankamuletsa make kuthamangira phulusa. Ankatsuka balalo ndi madzi owiritsa, n'kumadzaliona tsiku lililonse, ndipo likafiira m'mphepete ankauza mwanayo kuti asalire, alendo abwino afika. Likayamba kununkha, ndi iwo amene ankayamba kukalipa kuti mwana apite kuchipatala. Pamabala a ana mbali zonse ziwiri ankazikumbukira bwino.

Chinawatenga ndi chifuwa, chisanu cha chaka chatha. Anadwala masiku ochepa. Mawu omaliza omveka amene anandiuza anali ofunsa ngati matabwa apakidwa. Ndinati apakidwa. Atasiya kupuma ndinakhudza chigamba chija ndi kuseri kwa chala, monga ankachitira amayi, ndipo chinali chitazizira.

Akuluakulu atasonkhana, wina anati nzeru ilipo: matabwa ali kudenga, akhomere bokosi a Pasikale eni ake, mlandu ukwiririke nawo limodzi. Ambiri anavomera, ndipo anyamata anadzuka kuti akawatsitse. Ine ndinakaima pakhomo. Ndikudziwa kuti mkazi salankhula pankhani ya bokosi, ndipo sindinalankhule zambiri. Ndinati matabwa amenewo ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali moyo, wakhala apoyo. Anthu onse anatembenukira kwa amalume. Bokosi la bambo tinakagula ku Lobi.

Patapita masiku, anthu atabalalika, amalume anawoloka kanjira kaja masana, akutsamira ndodo. Anakalamba kwambiri. Akazi awo anamwalira, ndipo ana awo aamuna analowera ku Joni, foni sayankha. Ndinawayalira mphasa, chifukwa amayi anandilera bwino. Anayang'ana kudenga.

"Filo, mwana wa mlongo wanga, matabwa aja alipo?"

"Alipo, amalume."

"Usawagulitse. Ine ndilibe munthu. Ndikagwa lero, adzandikulunga mumphasa ngati galu. Bambo ako anandilonjeza, mudzi wonse ndi mboni."

Ndinawayang'ana osakhulupirira. Zaka zonse zija bambo ankaganiza kuti akuwaopseza, pamene munthuyu anali atayamba kale kuwerengera matabwawo ngati chuma chake. Ndinamva chifundo chikufuna kubwera, ndipo ndinachikankha.

"Analonjeza chifukwa chiyani, amalume?"

Anatsitsa mawu mpaka kunong'ona.

"Ndinkafuna chisakwere kumtima. Iwe ukudziwa."

"Ine ndikudziwa kalekale, ndinali kuchigayo. Mukauze amene sakudziwa. Lamulungu, akatha zolengeza, muimirire."

"Ukalamba uno? Anthu adzanditenga bwanji?"

"Mmene anawatengera amayi."

Ndinawauza kuti bambo anapita ndi lonjezo lawo, tsopano latsala langa. Akanena, bokosi ndi lawo, ndipo ndidzalikhometsa bwino, la zogwirira zomwe. Akapanda kunena, paini amayaka bwino.

Lamulungu lotsatira anabwera atavala jekete lawo lakuda. Zolengeza zitatha anaimirira, atagwira benchi yakutsogolo ndi manja onse awiri. Ndinaona amayi a pamjigo aja, amene atsala moyo, atatukula mitu. Amalume anatsegula pakamwa, anayang'ana uku ndi uku, kenako anatola ndodo yawo n'kutuluka ngati akukataya madzi. Chichokereni tsiku limenelo aimirirapo kawiri kapena katatu, ndipo nthawi zonse miyendo imawatengera kukhomo.

Lero m'mawa ndatsitsa matabwa. Ndawatsamiritsa kukhoma lomwe lija, ndawapaka oilo ndi kamtengo ka bambo, kamene anakasema timaenje tiwiri moti zala ziwiri zizigwira bwino. Zanga zisanu sizikhalapo bwino. Mwala wawo uli pomwepo, wosalala pamene ankakhala, ndipo dzuwa limaufikabe poyamba lisanafike pena paliponse pabwalo. Palibe amene amakhalapo, ngakhale zidzukulu zimaulambalala. Panthawi ngati ino pakanamveka nyimbo ya Chilatini yopotoka, kenako moni uja wopita kutsidya. Kwangoti zii, koma nkhuku.

Kutsidya kwa kanjira chitseko chatsekuka pang'ono. Ndikudziwa kuti ali mkatimo, akuwerenga ngati onse alipo. Onse alipo. Koma chisanu cha chaka chino n'choluma, nkhuni zikusowa, ndipo Lamulungu likubwera. Ndatenga nkhwangwa ya bambo n'kuigoneka pamwala pawo, poonekera bwino.